Dziwe la pamwamba pa denga, ndi malipiro anga odulidwa

Moni nonse abale anga a ku Salima, a ku Senga Bay, a pa Kamuzu Road, ndi inu amene tili limodzi kuno ku Cape Town. Lero sindinakonze chilichonse, ndangoyatsa foni chifukwa mtima ukuwawa. Lachisanu lapitali bwana wandidula malipiro, ndipo nkhani yake ndi ya dziwe losambira.

Amene mumanditsatira mukudziwa kuti ndikugwira pa nyumba ina yakale yosanjikizana mkati mwa tauni. Mwini wake akufuna kahotela pamwamba penipeni pa denga: zipinda zochepa, bala, maluwa m'miphika, alendo azimwa akuyang'ana Table Mountain. Kuno zimenezi n'zimene zili m'fasho. Pa Long Street pali hotela ya Grand Daddy, anakweza makalavani 7 a Airstream padenga, iliyonse yokongoletsedwa mwa mtundu wake, anthu n'kumagonamo. Ku Waterfront kuli hotela ya The Silo, imene inatsegulidwa mu 2017 pamwamba pa nkhokwe yakale ya mbewu ya 1924, ndipo pansi pake pali Zeitz MOCAA, nyumba yoonetserako zojambula ndi zaluso. Ndiye aliyense wokhala ndi denga akufuna zake.

Tsono pulani ya injiniya inanena kuti kadziwe kakhale kakang'ono, pamwamba pa mizati. Bwana wathu, amene anangopatsidwa gawo ndi kontilakita wamkulu, akuti ayi, tikakulitse, tikasunthire pakati pa silabu poti phiri limaoneka bwino pamenepo. Achimwene, madzi ndi olemera! Malita 1,000 ndi tani imodzi. Dziwe la mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi, kuya mita imodzi, ndi matani 12, musanawerengere simenti, matailosi, dothi lonyowa la m'miphika ndi anthu akuvina Loweruka usiku. Pansi pa silabuyo pali maofesi, muli ana a eni ake. Ndinakana. Injiniya atabwera anandifunsa chifukwa chake zingwe zoonetsa malo a dziwe zamangidwa pamalo ena, ine ndinanena zoona. Bwana anachita manyazi pamaso pa anthu, ndipo ine ndi amene ndalipira.

Chifukwa chimene akupereka pondidula malipirowo, akuti ndimachedwa kufika. Ine? Amene ndimanyamuka kudakali mdima, kufika geti lisanatsegulidwe? Munthu yemweyu chaka chatha amandiyimbira pakati pa usiku mvula itadontha m'nyumba ya kasitomala wake. Paja kuno mvula imagwa Juni ndi Julaye, inu kumudzi mukuwotha moto kunja kuli gwaa. Ndinakwera ndekha, mvula ikundimenya, n'kupeza kuti paipi yotulutsa madzi anaitsekera ndi matailosi. Tsiku limenelo ndinali “my brother”. Lero ndasanduka kwerekwere (dzina lonyozera anthu obwera kuno) wodziwa zambiri.

Ndipo mverani, inu anyamata obwera kumene. Ntchito ya padenga si kukongoletsa ayi. Zimene mumaona pa Instagram, nyali zolendewera ndi mipando yoyera, zimabwera pomaliza. Poyamba ndi torch-on, phula lotchinga madzi lija timaliwotcha ndi gasi, mzere uliwonse uphimbe unzake, m'makona likwere khoma. Ukatha umatseka mapaipi, n'kudzaza madzi padengapo agone, kenako umatsika kukayang'ana kudenga kwa chipinda cha pansi. Ukaona kadontho, usaike thailosi ngakhale limodzi. Bwana akakufulumizitsa, jambula ndi foni, sunga. Mawa kukadontha, dzina lotchulidwa lidzakhala lako.

Kenako mphepo. Ife a kunyanja timaudziwa mwera, mmene umabwezera asodzi kumtunda mabwato n'kukhala pamchenga. Kuno kuli mphepo yotero imene amati Cape Doctor, imawomba nyengo yotentha, ndipo padenga imakula kuposa pamsewu. Ambulera yosamangidwa ndi mabauti imauluka kukagwera pa galimoto ya munthu. Ndinaona ndi maso anga lata likuchoka m'manja mwa anyamata awiri n'kukamenya khoma la nyumba ina. Bwana ameneyu analipo, koma mpaka lero malamba odzimangirira timachita kubwerekana. Za mapepala a Heritage Western Cape, bungwe loteteza nyumba ndi malo akale, oti nyumba yopitirira zaka 60 suisintha popanda chilolezo, ndi za crane yotseka msewu, mukuzidziwa kale.

Koma ndikaima pamwamba paja madzulo, nyanja ya Atlantic ili apo, ndimanyadira. Lowani m'mahotela amenewa mufunse amene anayala matailosi, amene amathirira maluwa, amene ali kukhitchini. Mudzamva Chichewa, mudzamva Chiyao. Manja athu ndi amenewo. Ngakhale nyanja yake ndi yozizira moti suchedwamo, yamchere, ndipo imangondikumbutsa Senga Bay, chambo chowotcha ndi mpunga wa ku Nkhotakota umene mayi amaphika pa Khirisimasi. Chaka chino ndinalonjeza kutumiza ya malata, ndiye munthu akundidula ndalama imeneyo.

Inunso amalume amene mukumanga maloji kumudzi, ndakuonani pa Facebook mukufuna bala pamwamba pa silabu, pambali pake thanki ya malita 5,000. Amenewo ndi matani 5 pamalo amodzi. Zitsulo za m'silabumo anawerengera ndani? Mmisiri wanu akhoza kukhala waluso pa njerwa, koma itanani injiniya, mulipireni, asaine. Ndipo ku Salima dzuwa lake mukulidziwa, popanda mthunzi palibe mlendo adzakhale pamwamba masana.

Lolemba ndikupita ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya antchito ndi mabwana awo. Ambiri mumaopa, koma kumeneko amamva dandaulo la wantchito ngakhale mapepala ake asali bwino. Kabuku kanga ka maola kali m'chikwama, zithunzi za zingwe zija zili mufoni. Anzanga awiri amene anadulidwanso, tikumane m'mawa pa siteshoni, mubwere ndi ma payslip anu onse.