Makalata a Omvera: Mizere Yonga Ukonde pa Mwendo wa Khanda

Omvera athu, kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina wa ku Turffontein, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, ndipo akuti: "Mwana wanga wa miyezi 4 anabadwa ndi mizere yofiirira, yolukanalukana ngati ukonde, kuyambira pantchafu mpaka pakakolo. Ndinkayesa kuti ndi chisanu cha mu June, koma ngakhale ndimufunditse mabulangete awiri, mizereyo sichoka. Adokotala analemba m'kabuku ka kusikelo kuti ndi cutis marmorata telangiectatica congenita, pamene apongozi anga kumudzi akuti ndi tsempho. Kodi ndinalakwa chiyani?"

Mayi, funso lanu lomalizalo landikhudza mtima, choncho ndiyambira pomwepo: simunalakwe chilichonse. Vutoli limabwera chifukwa chakuti timitsempha ta magazi tapakhungu tinakula motambasuka mwana adakali m'mimba, ndipo silichokera ku chakudya chimene munadya kapena mwambo umene wina anadumpha. Amene anayamba kulifotokoza ndi dokotala wa ana wa ku Netherlands, Cato van Lohuizen, m'chaka cha 1922, koma ndi losowa kwambiri moti anamwino ambiri amapuma pantchito asanalionepo. Mwaonetsetsa bwino pa nkhani ya mabulangete ija, pakuti makanda ambiri amachita mawangamawanga akazizidwa n'kubwerera mwakale akafundidwa, pamene mizere ya vutoli imakhalabe.

Mwa ana ambiri mizereyi imazilala yokha, makamaka m'zaka ziwiri zoyambirira, ngakhale kuti nthawi zina siitheratu. Chofunika kuchiyang'anira ndi mwendowo, chifukwa umatha kuonda kapena kusiyana kutalika ndi unzake, choncho pemphani kuti aziyeza miyendo yonse iwiri mukapita kusikelo. Mwana amene ali ndi mizereyi kumaso amafunikanso kupimidwa maso. Kiliniki yanu ikhoza kukulemberani kalata yokaonana ndi madokotala a khungu ku chipatala cha Charlotte Maxeke kapena cha Rahima Moosa. Chonde, musalole kuti wina atemere mphini pamenepo, popeza khungulo limatha kukhala lopyapyala ndipo chilonda chake chimatha kuvuta kupola.

Bambo wina wa ku Diepsloot, amene mdzukulu wake ali ndi vuto lomweli, akufunsa ngati ana ena angalitengere posambira beseni limodzi. Ayi bambo, silipatsirana. Asiyeni asambe ndi kusewera pamodzi, koma mukaona pena patang'ambika kapena pakutuluka magazi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.