Sensa ya okosijeni: iyezeni musanagule ina

Zikomo a tcheyamani, amakaniko anzanga, ndi inu eni magalimoto amene mwabwera. Nkhani yathu ndi ya kasensa kaja ka mawaya anayi kamene kamamangidwa pa ekizozi. Nyale ya check engine ikangoyaka, makina oyezera galimoto n'kuwerenga kodi ya P0171, yonena kuti mpweya wachuluka petulo wachepa, ambiri amathamangira kukagula kena. Ndalama zapita, mlungu usanathe nyale yayakanso.

Ntchito ya sensa imeneyi ndi kuyeza mpweya umene watsala mu utsi n'kuuza kompyuta ya galimoto kuti iwonjezere kapena ichepetse petulo. Injini imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, potengera kulemera. Ndiye sensa ikati mpweya wachuluka, kawirikawiri sikunama ayi. Ikungonena zimene yaona.

Yambani ndi maso ndi makutu. Mawaya apsa pa ekizozi? Pulagi yake yalowa madzi? Lizani injini ikadali yozizira, mumvetsere pa manifodi, pamene ekizozi imayambira pa injini. Mng'alu wa patsogolo pa sensa umayamwa mpweya wakunja, sensa n'kumati petulo wachepa, kompyuta n'kumathira wambiri. Galimoto imadya mafuta, ma spark plug n'kuda bii ndi mwaye, koma vuto ndi gasiketi. Chimodzimodzi kapaipi ka vakyumu kong'ambika. Pa makina onani long term fuel trim, nambala yosonyeza petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa. Ikapitirira +10 peresenti pa aidolo (injini ikungolira musanaponde moto), n'kutsika mukaponda moto, sakani pamene pakulowa mpweya.

Tsopano hita. Sensa siyamba kugwira ntchito isanatenthe kufika madigiri a Celsius pafupifupi 300, n'chifukwa chake ili ndi hita mkati. P0135 ndi kodi ya hita ya sensa yakutsogolo kwa catalytic converter, chosefa utsi cha mu ekizozi, P0141 ndi ya sensa yakumbuyo kwake. Zulani pulagi, mupeze mawaya awiri ofanana mtundu: pa Denso ndi akuda, pa Bosch ndi oyera. Ikani mita pa ma ohm. Ikapanda kuwerenga kanthu, hita yaduka. Ikawerenga, fananitsani ndi buku la galimotoyo, kenako mutsegule kiyi muone ngati mavoti 12 akufika pa pulagi. Musaiwale fyuzi, abale, imanyenga ambiri.

Injini itenthe bwino, muigwire pa 2,500 rpm. Sensa yabwino imavina pakati pa mavoti 0.1 ndi 0.9, kukwera ndi kutsika kangapo m'masekondi khumi. Pondani moto mwadzidzidzi, idumphe kupitirira 0.8. Zulani paipi ya vakyumu, igwe pansi pa 0.2. Ikamachita ulesi kapena kungoima pa 0.45, mawaya ali bwino, pamenepo mukhoza kuiimba mlandu.

Koma chenjerani ndi ma Toyota ambiri atsopanoko. Sensa yakutsogolo ndi ya mtundu wina, ya air-fuel ratio. Imeneyo sivina, pa makina a Toyota imakhala pafupi ndi mavoti 3.3. Wosadziwa amati yafa pomwe ili bwinobwino, ndipo mukamangapo sensa wamba sizigwirizana ndi kompyuta. Yakumbuyo kwa catalytic converter nayonso iyenera kukhala yodekha. Ikamavina ngati sensa wamba yakutsogolo, kodi ya P0420 n'kubwera, kawirikawiri ndiye kuti converter yatha kapena wina anaichotsa kale mkati. Sensa yatsopano sichiza zimenezo.

Mukaimasula, yang'anani nsonga. Ufa woyera nthawi zambiri ndi silikoni wosayenera amene anamatira gasiketi, kapena madzi a mu rediyeta amene akulowa mu silinda. Mwaye wakuda ndi petulo wochuluka. Zonona zamafuta ndiye kuti injini ikudya oilo. Mukapanda kukonza zimenezi, yatsopanoyo ifanso.

Pomanga gwiritsani soketi ya 22 mm yokhala ndi mpata wa waya. Yambani ndi dzanja kuti mazinga asaphonyane, mankhwala oletsa kugwirana mupake pa mazinga pokha, asakhudze nsonga. Mu pulagi musathiremo girisi, chifukwa masensa ena amapumira m'mawaya momwemo. Fufutani makodi, muyendetse galimoto, mubwerere muonenso fuel trim ija.