Aliyense ndi chipinda chake pa kompyuta za gulu

Zikomo a wapampando. Amayi, abambo, aphunzitsi anzanga, ndi inu achinyamata mwabisala kumbuyoko, senderani pafupi chifukwa zina ndilemba pabolodi.

Ndiyambe ndi zimene zinandionekera ine ndemwe pamalo pena pamene ndinkayang'anira makompyuta. Lolemba m'mawa ana a Folomu 4 abwera kudzalemba ntchito yawo. Aliyense akalemba pasiwedi, sikirini ikuda pang'ono n'kubwereranso pomwe paja. Ndinayamba kuganiza kuti ndi vairasi, mwina magetsi aja anazima Loweruka aononga china chake. Ndinatuluka thukuta ola lathunthu. Nditalowa kumbuyo n'kulemba df -h, lamulo loonetsa mmene disiki yadzazira, ndinangoona 100%. Disiki yadzaza mpaka pakamwa. Mnyamata mmodzi anathera Lamlungu lonse akutsitsa mafilimu n'kuwaunjika mu foda yake, ndipo popeza foda yakeyo inali pamalo amodzi ndi dongosolo lonse la kompyuta, kompyutayo inalibenso polemba ngakhale kafayilo kakang'ono kamene imafuna munthu akamalowa. Mnyamatayo ndinamukalipira, koma kunena zoona wolakwa ndinali ine. Sindinamupimire malire.

Makina athu pano akuyenda ndi Ubuntu, umene ndi mtundu wina wa Linux. Pa Linux, munthu akatsegulidwa akaunti amalandira foda yakeyake mkati mwa /home. Ngati dzina lolowera ndi chisomo, chipinda chake ndi /home/chisomo. Amene munazolowera Windows, ndi chimodzimodzi ndi C:\Users. Tsono kompyuta siganiza yokha kuti chipindacho chikhale pati, chikule bwanji, alowemo ndani. Imawerenga malamulo amene analembedwa kale m'mafayilo angapo, ndipo mukapanda kuwakhudza imangotsatira amene inabwera nawo.

Poyamba penipeni, pamene mukuika Ubuntu, /home ipatuleni ikhale gawo lakelake la disiki, kapena disiki ina ngati ilipo. Ikadzaza, idzadzaze yokha, dongosolo lizipumabe. Ubwino wina ndi wakuti tsiku limene mudzafune kuikanso Ubuntu watsopano, ntchito za anthu sizikhudzidwa, bola musalakwitse n'kufufuta gawolo.

Pa Ubuntu pali malamulo awiri otsegulira akaunti, ndipo apa anthu amasokonezeka. Pali adduser, pali useradd. Woyambayo amawerenga /etc/adduser.conf, mmene muli mzere wakuti DHOME=/home. Mukafuna kuti zipinda zizimangidwa kwina, mumasintha pamenepo. Wachiwiriyo amawerenga /etc/default/useradd, ndipo mukalemba useradd -D akuonetsani zimene akutsatira. Langizo langa: gwiritsani adduser. Useradd uja ukaiwala kuika -m, akaunti imatseguka koma chipinda osamangidwa, munthu n'kulowa opanda poika phazi.

Tsopano pamene ndimapakonda ine, /etc/skel. Mukudziwa mmene mwini nyumba za lendi amakonzera chipinda mlendi asanalowe: kusesa, kupachika msomali wa zovala, mwina kusiyamo kampando. Chilichonse mungaike mu /etc/skel chimakopedwa m'chipinda cha munthu aliyense watsopano. Ine ndimaikamo foda yotchedwa Ntchito_za_sukulu, ina ya Makalata, ndi kafayilo ka malamulo a chipinda chino m'Chichewa. Mayi wobwera kudzalemba kalata yofunsira ntchito akangolowa amapeza poika kalata yake, safunsanso. Koma mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene nkhani yonse yagona. Kukopako kumachitika kamodzi kokha, tsiku lotsegula akaunti. Mukatsegulira ana 40 lero, mawa n'kukumbukira kuikamo foda ina mu skel, 40 aja saiona. Mudzayenda chipinda ndi chipinda pamanja. N'chifukwa chake ndimati akaunti zidikire kaye, konzani skel, tsegulani akaunti imodzi yoyesera, lowanimo muone ndi maso, kenako itanani anthu.

Aphunzitsi akweza dzanja. Akufunsa ngati mwana angathe kuona mayeso amene iwo asunga m'chipinda chawo. Funso labwino, ndipo yankho lake lingakuwawitseni mutu. Kwa zaka zambiri Ubuntu ankatsegula zipinda ndi chilolezo cha 755, kutanthauza kuti aliyense wokhala ndi akaunti pamakinapo ankatha kusuzumira ndi kuwerenga, kungoti sankatha kusintha. Chitseko chotsekedwa ndi nsalu chabe. Kuyambira Ubuntu 21.04, wa chaka cha 2021, anasintha n'kuika 750, mlendo sathanso kulowa. Koma zipinda zimene zinamangidwa kale sizinasinthe zokha. Lembani ls -ld /home/* muyang'ane zilembo za kumanzere. Mukaona drwxr-xr-x, chitseko n'chotsegula. Mukaona drwxr-x---, chatsekedwa. Zakalezo muzitseka ndi chmod 750, ndipo za m'tsogolo mumaziikira pa mzere wa DIR_MODE mu adduser.conf muja. Aphunzitsi, mayeso aja mukawaone lero lomwe.

Tibwerere kwa mnyamata wa mafilimu. Mankhwala ake ndi quota, muyeso wa malo amene munthu mmodzi angadye. Mumaika pulogalamu ya quota, n'kuonjezera mawu akuti usrquota pa mzere wa /home mu /etc/fstab, fayilo youza kompyuta magawo a disiki oti iwatsegule ikamadzuka, kenako n'kuiyatsa. Fayilo ya fstab muzisunga kope lake musanaikhudze, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika kompyuta imakana kudzuka. Malire amakhala awiri. Oyamba ndi ofewa: munthu akawadumpha amachenjezedwa, ndipo amapatsidwa masiku 7 kuti achepetse katundu. Achiwiri ndi olimba, pamenepo palibe kuchonderera, fayilo imangokana kusungika. Ine kwa ana a sukulu ndimaika 2 GB ofewa, 3 GB olimba. Zolembalemba sizingadzaze pamenepo ngakhale chaka chonse, koma mafilimu awiri atatu okha afika kale. Aphunzitsi ndimawapatsa ochulukirapo, pajatu amasunga zithunzi ndi mabuku.

Kuti musamapimire aliyense payekha, tsegulani akaunti imodzi yachitsanzo, ipatseni malirewo ndi setquota, kenako dzina lake mulilembe pa mzere wa QUOTAUSER mu adduser.conf. Wobwera aliyense azitengera muyeso womwewo. Kumapeto kwa sabata lembani repquota -a, muona amene akuyandikira malire, mumuuze mwaulemu asanagunde khoma ali pakati pa ntchito.

Amayi kumbali uko akufunsa kuti kodi disiki yodzaza ija ndinalowamo bwanji. Disiki ya mtundu wa ext4 imasungira woyang'anira gawo la 5 pa 100 aliwonse, limene anthu wamba salikhudza. Kameneko ndi kamene kanandipulumutsa, ndinalowa ngati root, akaunti ya woyang'anirayo, n'kusamutsira mafilimu aja pa fulashi.

China, quota si nkhokwe yosungira zinthu zikaonongeka. Disiki ikafa, zipinda zonse zimapita limodzi, ndiye /home muziikopera pa disiki yakunja Lachisanu lililonse, disikiyo izigona m'kabati ya a wapampando, osati m'chipinda chomwechino.

Tiyeni tipite pamakina. Khalani awiriawiri, wina alembe df -h, mnzake andiwerengere nambala imene ili pa mzere wa /home.