Mphwanga, kalata ija usaitumize kaye

Halo mphwanga, ndine malume ako. Ndili pa bureki, ndiye ndilankhula mothamanga, ukamva phokoso ndi makina ochapira zovala. Kalata yako yofunsira ntchito ija mayi ako anditumizira pa WhatsApp. Usaitumize kaye, wamva? Ngati yapita kale undiuze lero lomwe, tione chochita.

Pamzere wachitatu paja walemba kuti "I am a hardly working person." Iwe! Ukudziwa zomwe wawauza anthuwo? Wadzinenera wekha kuti ndiwe mlesi, ntchito umangoikhudza mwa apo ndi apo. Bwana akawerenga aseka, aitana anzake nawonso aseke, kenako pepala mubini. Ndikudziwa pomwe zachokera. Kusukulu anakuuzani kuti "quick" amasanduka "quickly", "slow" amasanduka "slowly", ndiye nawe wati "hard" akhale "hardly". Ameneyu lamulo limenelo salimvera. Amakhala momwemo. Ukafuna kunena kuti ndiwe wolimbikira uziti "I work hard", kapena "I am hard-working", ndi kamzere pakati. Koma "hardly" ndi mawu ena ake, amatanthauza pang'ono zedi, pafupifupi ayi. Agogo ena pano pa nyumba yosamalira okalamba pomwe ndimagwira ntchito m'mawa uliwonse amandiuza kuti "I hardly slept", kutanthauza kuti tulo sanatione. Chonsecho usiku ndimawamva ndekha akuliza mkonono mpaka kukhonde.

Chachiwiri, mayi ako akuti wapempha ndalama yokaikitsa chikuto cholimba pa mapepala ako, ati poti pachidziwitso analemba kuti abweretse "hard copy". Ayi ndithu, ndalama imeneyo isatuluke. "Hard copy" ndi pepala wamba losindikizidwa, loti munthu aligwire m'manja. Ya pa imelo kapena pa fulashi ndiye "soft copy". Kasindikize, menya sitepula pakona, ika mu envelopu yabulauni, basi. Ndipo masatifiketi upereke mafotokope, ya MSCE yeniyeniyo isachoke m'nyumba. Ikatayika ija tidzalira tonse.

Vuto lako n'loti m'mutu mwako "hard" ndi kulimba basi, ngati mwala. Eni ake amamugwiritsa ntchito paliponse. Kuno ku Luton, ku Mangalande, madzi apampopi amawatcha "hard water". Nditangofika ndinkayang'ana mu ketulo, pansi pachita zoyera zokakamira, ndimati mwina mwini nyumba sanatsuke. Osadziwa kuti dera lino pansi pake ndi choko, madzi amatenga laimu m'menemo. Sopo sachita thovu bwino, tiyi amakhala ndi kachikungu pamwamba, khungu limatuwa. Timathira viniga mu ketulo, kuwiritsa, ndiye zimayamba kusweka. Anzathu a ku Manchester amadzitama, awo madzi amachokera ku Lake District, ati ndi "soft". Ine madzi amene ndimawalakalaka ndi a pamjigo wa kuseri kwa tchalitchi uja, ozizira okha popanda firiji. Kodi anaukonza mjigo umenewo? Paja ndalama tinasonkha, koma palibe wanditumizira ngakhale chithunzi. Uwafunse amfumu mwaulemu, usanene kuti ndakutuma ndine.

Ndimanena chiyani paja? Eya, intaviyu. Akakuitana angakufunse kuti "What did you find hard in your last job?" Apo akufunsa chomwe chinkakuvuta, osati cholimba. Usakayankhe kuti palibe, amadziwa kuti ukunama. Tchula chimodzi chenicheni, monga mmene munkatsekera mabuku mochedwa kugolosale kuja, unenenso mmene unachithetsera. Akakufunsa zomwe sungathe kulosera, pali kayankhidwe kakuti "It's hard to say", koma kamodzi kokha, usakakhale ukubwereza.

Pantchito panga pano, pamafayilo a nkhalamba zambiri palembedwa "hard of hearing". Ndiye kuti makutu akumva movutikira, osati kusamva kwa mwano kuja timanenera ana. Munthu woteroyo sumukuwira. Umaima kutsogolo kwake, aone milomo yako, n'kulankhula pang'onopang'ono. Mwa njira, agogo ako mukuwachita zomwezo? Ndinamva pa foni tsiku lija mukuwakalipira ngati mukuitana munthu wa kutsidya kwa dambo. Sindinakondwe nazo.

Palinso "hard up", kukhala wopanda ndalama. Ameneyo ndine mwezi uno, uwauze mayi ako. Renti yakwera, gasi wotenthetsera nyumba ndiye usanene, ndipo ufa wa Iwisa kushopu ya zakudya za ku Africa mtengo wake ungakomoke. Inu mukamva kuti mapaundi mumaona ngati timatola m'misewu. Inde, paundi ndi dola ndi zomwe amazitcha "hard currency", ndalama zosagwa mphamvu wamba, zomwe mayiko ambiri amalandira. Kwacha yathu paja anaigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye ukasintha zimaoneka zambiri, koma ine kuno ndimagula buledi ndi paundi yomweyo. Ya feteleza nditumiza pakutha pa mwezi, ya foni yatsopano iyembekeze.

Komanso ndikuone, usakalembe paliponse kuti ndiwe "a hard man" poganiza kuti ukudzitama kulimba mtima. Kuno ameneyo ndi munthu wa ndewu, wa zibakera kumowa. Ndipo ukamva wina akuti "hard drugs" kapena "hard liquor", pamenepo choka, ndi mankhwala ozunguza bongo oopsa aja ndi mowa waukali wa mtundu wa kachasu.

Mayi ako akuti unakhumudwa pomwe mlongo wako anakuseka za kalatayi pagulu la banja. Analakwitsa, ndimuyimbira. Koma nawenso usatuluke m'gulumo, bwereramo. Akakupepesa ungomuyankha kuti "no hard feelings", kuti palibe chakukhosi, aone kuti nawe chizungu ukuchitha.

Belu la kuchipinda china lalira, ndiyenera kupita. Konza mzere wachitatu uja, uchotsenso "humbly begging" kumapetoko, sukupempha chithandizo, ukufunsira ntchito. Ukamaliza unditumizire pa imelo, osati chithunzi cha pa foni chopendekera chija. Ndiweruka 8 koloko m'mawa, kwanuko idzakhala 10 poti kuno tabweza mawotchi. Ndiiwerenga ndisanagone. Uwapatse moni agogo.