Mmene Anthu Okangana Analembera Malamulo a Dziko la America

Zikomo amayi ndi abambo pobwera. Muli kumbuyoko mukundimva bwino? Chabwino. Lero tikambirane mmene dziko la America linapezera malamulo ake aakulu oyendetsera boma.

Zigawo 13 zoyamba za America zitachoka m'manja mwa Britain, boma lapakati linali lofooka kwambiri. Silinali ndi mphamvu zotolera msonkho. Linkachita kupempha ndalama ku zigawo, zigawozo n'kumazengereza, ngongole za nkhondo zili zosabweza. Ndiye mu Meyi 1787 nthumwi zinakumana mumzinda wa Philadelphia. Zonse zinakwana 55, zochokera m'zigawo 12, chifukwa Rhode Island inakana kutumiza munthu. Wapampando anali George Washington. Anapangana kuti zokambidwa zisatuluke kunja, moti ankatseka mawindo m'nyengo yotentha, anthu thukuta lili kamukamu.

Pomwe panavuta koyamba ndi pa aphungu. James Madison ndi anzake a ku Virginia ankati chigawo cha anthu ambiri chikhale ndi aphungu ambiri. Zigawo zazing'ono monga New Jersey ndi Delaware zinaona kuti zimezedwa, ndipo William Paterson wa ku New Jersey anaumirira kuti chigawo chilichonse chikhale ndi voti imodzi basi. Anakokanakokana milungu ingapo, msonkhano unatsala pang'ono kubalalika. Anawombola zinthu ndi Roger Sherman ndi Oliver Ellsworth a ku Connecticut, amene anati nyumba za malamulo zikhale ziwiri: ina potengera kuchuluka kwa anthu, ina ya Senate yokhala ndi anthu awiriawiri pa chigawo chilichonse. Pa 16 Julayi zigawo 5 zinavomera, 4 zinakana. Kumeneku ndiye kulolerana kwenikweni, chifukwa aliyense anataya chake pang'ono, ali pomwepo, akudzilankhulira yekha.

Koma tamverani kulolerana kwinaku, pakuti kumandiwawa mtima. Zigawo zakummwera zinali ndi akapolo ambiri, ndipo zinkafuna kuti akapolowo awerengedwe pogawa aphungu, pomwe anthuwo analibe voti, analibe ufulu, ankagulitsidwa pamsika. Akumpoto anakana. Mapeto ake anamvana kuti akapolo 5 aliwonse aziwerengedwa ngati anthu 3. Anamvananso kuti boma lisaletse kubweretsa akapolo kuchokera kunja mpaka 1808, komanso kuti kapolo wothawira kuchigawo china azibwezedwa kwa mbuye wake. Tandiuzani, m'chipindamo munali kapolo ndi mmodzi yemwe woti avomere kapena akane? Munalibe. Kalembera wa 1790 anapeza akapolo pafupifupi 700,000, ndipo ndi iwowa amene analipira mtengo wa mgwirizano wa anthu ena. Akuluakulu amati mlandu suwola. Nkhaniyi inadzaphulika mu 1861 pa nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1865.

Pa 17 Sepitembala anasaina ndi anthu 39. George Mason wa ku Virginia anakana, ati chifukwa munalibe ndime zoteteza ufulu wa munthu wamba. Elbridge Gerry ndi Edmund Randolph nawonso sanasaine.

Tsono pepala lija linayenera kupita kwa anthu. Chigawo chilichonse chinasankha nthumwi zoti zikambirane, ndipo pankafunika zigawo 9 kuti malamulowo ayambe kugwira ntchito. Delaware inavomera koyamba pa 7 Disembala 1787. Kwina kunali kovuta zedi. Otsutsa ankaopa kuti boma lapakati lidzakhala ngati mfumu ya ku Britain imene anangochoka kumene m'manja mwake, ndipo mantha awo sanali opanda pake. Ku Massachusetts anavomera ndi mavoti 187 kwa 168, atamvana kuti avomereze kaye koma apemphe kuti malamulowo adzakonzedwe. New Hampshire inakwanitsa zigawo 9 pa 21 Juni 1788. Virginia inatsatira ndi 89 kwa 79, New York ndi 30 kwa 27.

Ine otsutsawa ndimawalemekeza kwambiri. Anagonja pa mavoti, inde, koma phokoso lawo ndilo linachititsa Madison, amene poyamba ankati ndime za ufulu n'zosafunika, kuzilemba yekha n'kupita nazo ku nyumba ya malamulo mu 1789. Ndime 10 zinavomerezedwa mu Disembala 1791, ndipo m'menemo muli ufulu wolankhula, wopembedza, wosonkhana, ndi woweruzidwa mwachilungamo. Rhode Island ija inadzavomera mu Meyi 1790 ndi mavoti 34 kwa 32, Washington atakhala kale pulezidenti chaka chathunthu.