Si Makatuni Onse Amene Ndi a Ana

Amayi ndi abambo, abale anga amene mwasonkhana muno m'holo ya tchalitchi ku Rosettenville, zikomo pondipatsa mpata. Ambirife timanyamuka mbandakucha kupita kuntchito ku Sandton kapena ku Randburg ndipo timabwerera dzuwa litalowa, choncho ana athu amakhala nthawi yaitali ndi foni kapena TV. Tikasuzumira n'kuona zithunzi zojambula pamanja, mtima umakhala pansi, timati ndi makatuni basi. Apa ndi pamene ndikufuna tikhale maso.

Makatuni ena a ngwazi ngati Batman amapangidwira akuluakulu, amene anakula akuwerenga mabuku a zithunzi ndipo tsopano amafuna nkhani zolemera. Mu 2016 kunatuluka Batman: The Killing Joke, yomwe ku America anaipatsa chizindikiro cha R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 asaonere popanda kholo. M'filimuyi Joker, mdani wa Batman, amawombera Barbara Gordon, mwana wamkazi wa mkulu wa apolisi, mpaka kumupuwalitsa miyendo, kenako amamujambula ali chigonere n'kukaonetsa bambo ake zithunzizo kuti achite misala. Katuni ina yotchedwa Invincible, yomwe inayamba mu 2021 pa Amazon Prime Video, ili ndi mitundu yowala ngati ya makatuni a ana ang'onoang'ono, koma gawo lake loyamba limatha ndi ngwazi imodzi ikupha anzake, magazi ali tayale pansi.

Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 7, anaonera zoterezi pafoni ya mnzake wa m'fulati yoyandikana nayo. Kwa sabata yathunthu ankadzuka usiku akulira, atagwira chitenje cha amayi ake, akufunsa ngati bambo wabwino angasanduke woipa. Zimenezi zinandiwawa kwambiri, chifukwa mwana wa msinkhu umenewu amakhulupirira ngwazi yake ndi mtima wonse, ndipo ikatembenuka n'kuyamba kupha, iye alibe mawu oti afotokozere mantha ake.

Kuno ku South Africa kuli bungwe la boma la Film and Publication Board, lomwe limaika pa mafilimu zizindikiro za zaka zoyenera kuonera, monga A (aliyense), PG (kholo litsogolere), 7-9PG, 10-12PG, 13, 16 ndi 18. Pambali pa nambalayo pamakhala zilembo, ndipo V ndi chiwawa, L ndi mawu otukwana, S ndi zogonana, H ndi zoopsa. Ndikupempha kuti tizolowere kuziwerenga. Pa dikoda ya DStv mukhoza kuika PIN, ndipo pa Netflix mukhoza kumutsegulira mwana mbali yake ya ana.

Vuto lalikulu ndi mafilimu amene ana amapatsana pafoni, chifukwa amenewo amabwera opanda chizindikiro. Kuonera poyambira pokha sikokwanira, popeza nkhanza zambiri zimabisala kumapeto. Lembani dzina la filimuyo pa intaneti muone zaka zake, ndipo ngati mwanayo waionera kale, musamukalipire. Khalani naye pansi, mumufunse chimene chinamuopsa.