Tramu ya Mapaundi 10 ndi Mgodi wa ku Crich

Zikomo apampando. Amayi, abambo, ndi inu achinyamata kumbuyoko, mawu akufika? Chabwino.

Ambiri mwa ife takwerapo tramu ku Manchester kapena ku Nottingham, tisitima tija toyenda panjanji pakati pa msewu, mawaya a magetsi ali pamwamba. Mmene imanyezimiramo mungayese ndi yachilendo m'dziko muno la Britain. Ayi ndithu, inaliko kalekale, eni ake anachita kuitaya okha. London inasiya matramu mu 1952, ndipo ambiri anakawatentha ku Charlton. Sheffield inasiya mu 1960, Glasgow mu 1962. Ankati ndi achikale, akutchingira magalimoto, bola mabasi. Blackpool yokha ndiyo inaumirira.

Ena mwa opulumuka pamoto anagulitsidwa kwa alimi. Ankachotsa mawilo, n'kusandutsa thupilo nkhokwe kapena khola la nkhuku. Musaseke, ena amene tikuwasirira lero anachokera m'makola momwemo.

Tsono mu 1948, ku Southampton, anthu okonda matramu ali pa ulendo wotsanzikana nawo anagwirizana zogula imodzi, nambala 45, yopanda denga pamwamba. Mtengo wake mapaundi 10. Kugula kunali kosavuta. Koma tramu simungaiimike pakhonde ngati njinga. Imafuna njanji, magetsi ndi denga, poti thupi lake ndi la matabwa, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa nokha. Madzi akalowa m'mphepete mwa mawindo, thabwa limaola m'kati, penti kunja ali bwinobwino. Zaka zinapita ikusungidwa kwa eni. Bungwe la Tramway Museum Society, losunga matramu akale kuti anthu aziwaona, linakhazikitsidwa mu 1955, ndipo mu 1959 linapeza malo ku Crich, ku Derbyshire, pa mgodi wakale wa miyala ya laimu. Anthu ongodzipereka anayala njanji ndi manja awo, Loweruka ndi Lamlungu. Mu 1963 tramu yokokedwa ndi hatchi inayamba kunyamula alendo, ya magetsi mu 1964.

Chimene chimandisangalatsa ine n'choti sanangowaika kuseri kwa chingwe kuti tizingowayang'ana. Amayenda. Pakhomo amakupatsani kobiri lakale, mumalipira nalo kwa kondakitala, iye n'kukuboolerani tikiti. Mukafika kumapeto kwa njanji tramu sitembenuka. Amene amatembenuka ndi dalaivala: amatsika n'kukayendetsera kumutu winawo, okwera n'kukankha choyedzamira cha mpando kuti ayang'anenso kutsogolo. Ana amangoti kukamwa yasa!

Mukapita, mukafunse nambala 60 ya ku Johannesburg. Inayenda m'misewu ya ku Joni, kumene matramu anatha mu 1961. Agogo athu amene anapita kumigodi ankapishana nayo m'misewu yomweyo.

Achinyamata odziwa ukalipentala kapena zamagetsi, kumeneko manja amasowa nthawi zonse. Amayi mwakweza dzanja kumbuyoko, funsani.